Makatoni a Chifalansa Amene Ndinasainira

Ana anga, za ubwana wanga sindilemba chifukwa mulibe nkhani. Ndinalekezera Sitandade 4, ndinapalasa bwato la amalume anga zaka zingapo, basi. Ndiyambira pamene ndinavala yunifomu ya boma. Ndikulemba ndekha ndi dzanja langali, tsamba limodzi pa tsiku, ndiye wopeza chilembo chopindika achiwongole mumtima mwake. Ndinagwira umesenjala zaka makumi atatu ndi ziwiri, ndipo mu fayilo yanga muli kalata imodzi yokha yondidzudzula. Mudzaipeza m'sutikesi ine nditapita. Kuli bwino mumve kwa ine ndemwe mmene inabwerera, osati kwa anthu a pamsika.

1985, ku ofesi ya maphunziro pa boma

Ananditenga chifukwa cha zinthu ziwiri, miyendo ndi mawu. Bwana wathu woyamba anali munthu wamfupi, wolankhulira m'khosi, moti aphunzitsi akadzaza pabwalo iye samamveka ngakhale pa mzere woyamba. Ndiye amangonditembenukira: "A Saidi, aitaneni." Ine ndikaitana dzina, ngakhale wogula usipa kuseri kwa mpanda amacheuka. Ntchito yanga yeniyeni inali njinga. Makalata a ku masukulu onse, kuyambira ku Benga mpaka kuwoloka Bua, amadutsa m'chikwama changa. Sabata yoyamba ndinavutika ndi mayina a pa maemvulopu, chifukwa ndimawerenga chilembo chimodzichimodzi uku ndikuloza ndi chala, dzuwa n'kumakwera. Kalaliki wamkulu, a Tembo, anandiona tsiku lina nandiitana. "Iwe, ukamatero makalatawa adzafika ana atatseka sukulu. Usavutike ndi dzina lonse. Ona zilembo zoyambazo, uone kutalika kwa dzinalo, basi, kwera njinga." Ndinatero, ndipo zinayenda. Zaka zonse za pa boma sindinasocheretsepo kalata ngakhale imodzi, ndipo ndimanena zimenezi poyera, aliyense amve. Amene amandida amati ndimadzitama. Ndimadzitamadi, pakuti zinali zoona.

1994

Chaka chimene maphunziro a pulayimale anakhala aulere, ana anabwera ngati akuthawa moto. Pansi pa mtengo uliwonse panali kalasi. Ine ndinasiya kunyamula makalata okha, ndinayamba kunyamula choko, ndipo chokocho sichimakwana. Ndinaonapo hedi wina akuthyola choko chimodzi patatu n'kugawira aphunzitsi ngati mankhwala a kuchipatala. Pa ndandanda wa pakhoma pamalembedwa ndithu nthawi yojambula ndi nthawi yoimba, koma zimathera pakhoma pomwepo. Nthawiyo ikakwana mphunzitsi amangopitiriza masamu, kapena amatuma ana kukasesa. Ndinafunsapo mphunzitsi wina chifukwa chake. Anati, "A Saidi, ajambula ndi chiyani, chala? Ndipo ineyo anandiphunzitsa ndani?" Ndinangokwera njinga yanga. Sinali ntchito yanga.

1998, ku Benga

Ananditumiza ku sukulu ya sekondale yoyendera. Hedi anali mayi, munthu wosaseka, koma mwa mabwana anga onse iyeyo ndi amene ndimamuvulira chipewa mpaka lero. Ndi iye anandipatsa kiyi wa sitolo ya sukulu. Anati, "Bambo Saidi, kanthu kolowa muno mukasainira, kotuluka akusainirani. Ngakhale ine ndemwe musandipatse tsache popanda kusaina." Tsiku lina ndinamukanizadi tsache pamaso pa aphunzitsi. Anasaina, ndipo kuyambira pamenepo palibe amene anandiyesanso. Siginecha yanga ndinaikonzera komweko: S wamkulu wokhala ndi mchira wopindika. M'sitolomo nthawi zambiri munalibe zambiri zosunga. Kunali mphunzitsi wina wokonda zojambula, amatuma ana kukakumba dongo kudambo ndi kutola makala kukhitchini, n'kumajambula kuseri kwa mapepala akale a mayeso. Anatopa, anapita kukagwira ntchito ku Lilongwe. Ndinakhala ku Benga zaka khumi ndi chimodzi.

2009, ku Kamwalazi

Sukulu ya Kamwalazi ili kufupi ndi Chia, pakati pa minda ya mpunga ndi chinangwa. Kumeneko ndi kumene nonse mukukumbukira, ndiye sindichulutsa. Hedi anali a Mbewe, munthu wabwino pocheza, wogawa ndiwo akagula chambo chambiri, koma wosafuna kumva nkhani iliyonse imene ingamufikitse ku ofesi ya pa boma. Ine ndi iye timamvana. Kiyi wa sitolo anandipatsa tsiku loyamba chifukwa mbiri yanga inali itafika kale.

2016

Kumayambiriro kwa chaka tinamva kuti boma lapatula ndalama zoti masukulu ena alandire zipangizo zojambulira ndi mabuku a zilankhulo zakunja, ndiponso kuti aphunzitsi ena apita kukaphunzira mmene angaphunzitsire zimenezi. Kwathu anasankha a Chikoti, mnyamata wa masharubu amene amaphunzitsa Chichewa, kuti akaphunzire zojambula. Anapita masabata awiri, anabwera ndi satifiketi ndi chikwama chatsopano, ndipo tsiku lililonse amandifunsa, "Mdala, katundu wanga wafika?" Ndiye tonse timadikira lole.

Inabwera Lachisanu, dzuwa litatsala pang'ono kufika pamutu. A Mbewe anali ku boma, ine ndinali nditasamba kale kuti ndithamangire kumzikiti. Dalaivala sanazimitse n'komwe injini. Anangotulutsa mutu pawindo: "Kamwala-chani-chani ndi kuno?" Ndinati ndi kuno. Anatsitsa makatoni asanu ndi limodzi nandipatsa pepala. Ndinayang'ana pa katoni yapamwamba, ndinaona K, A, M, W, A, L, A, ndinaona kutalika kwa dzinalo, monga ndinachitira zaka makumi atatu. Ndinasaina, ndinakhoma sitolo, ndinakapemphera.

Lolemba tinatsegula pamaso pa a Mbewe. Makatoni awiri anali ndi penti, maburashi ndi mapepala oyera aakulu. A Chikoti anavina pakhomo pa sitolo. Anayi otsalawo anali mabuku. A Mbewe anatsegula limodzi, analitembenuza, anatsegula lina. "Ichi si Chingerezi," anatero. "Ndi Chifalansa ichi." Ndinafunsa kuti aphunzitsa ndani, pakuti pa sukulu yathu panalibe wochidziwa. Iwo anati, "Mwina mphunzitsi wake akubwera pambuyo. Inu mukulidziwa boma, a Saidi. Limatha kutumiza nsapato lero, mwini phazi chaka chamawa. Sungani." Ndinasanja makatoniwo pa njerwa kuopa chiswe, mbali yolembedwa itayang'ana kukhoma.

Teremu yoyamba inatha, mphunzitsi wa Chifalansa osabwera. Koma a Chikoti anagwira ntchito, zimenezo ndinene. Ana amene sanagwirepo burashi chibadwire anajambula mabwato, azimayi opuntha mpunga, ngakhale ine anandijambula, kukamwa kuli yasa. Mu teremu yachiwiri anafuna kuwaphunzitsa luso lina limene anakaliona ku maphunziro kuja: kung'amba mapepala, kuwaviika m'madzi, kuwasakaniza ndi phala la ufa wa chinangwa n'kuumba chinthu. Mapepala ong'amba panalibe. Nyuzipepala kwathu kuja imakulunga matemba isanawerengedwe kawiri. Ndiye anapita kwa hedi, ndipo onse awiri anabwera ku sitolo. A Mbewe anati, "Apatseni katoni imodzi ya mabuku aja. Angokhala, mapeto ake adya ndi mphemvu." Ndinati asaine. A Chikoti anasaina, ndinawapatsa katoni imene inali pamwamba. Ana a Fomu 1 anaumba chambo chachitali ngati mkono wanga, anachipaka penti yopyapyala moti mawu a Chifalansa amaonekera pa mamba ake. Anachipachika m'chipinda cha aphunzitsi, ndipo mlendo aliyense amayamba waima pansi pake. Inenso ndimaonetsa anthu.

Mu teremu yachitatu ananditumiza ku boma ndi makalata. Pa benchi ya pakhonde la ofesi ndinakhala pafupi ndi mayi wina wachitsikana, wovala bwino, nsapato zili fumbi. Ine sindikhala chete pa benchi, ndiye ndinamufunsa kumene wachokera. Anati ndi Madamu Mhango, makolo ake anachokera kumpoto koma iye anakulira ku Dwangwa, ndipo amaphunzitsa ku Kamwalanje, kufupi ndi mtsinje wa Bua.

"Mwabwerera malipiro?" ndinafunsa.

"Ayi adada, ndabwerera mabuku. Aka n'kachinayi."

Anandifotokozera. Boma linamutumiza kukaphunzira kaphunzitsidwe ka Chifalansa. Atabwerako anatsegula kalasi ya Fomu 1, ana anadzaza mpaka ena kukhala pawindo, koma mabuku amene anamulonjeza sanafike. Materemu awiri wakhala akulemba pa bolodi zimene anakopera m'kope lake ku maphunziro, ndipo kopelo latha. Makolo ayamba kunena kuti ana akutaya nthawi. Hedi wake wanena kuti teremu ino ikatha popanda mabuku, kalasiyo aitseka, ana abwerere ku maphunziro ena.

"Nanga a muofesimu akuti chiyani?"

"Akuti mabuku anaperekedwa kalekale, pepala lilipo, wina anasainira. Akuganiza kuti kwathu kuli wakuba. Mlonda wathu amufunsa kawiri, munthu wamkulu ngati inu nomwe. Pepalalo ndaliona ndi maso anga. Siginecha yake palibe akuidziwa, yangokhala ngati mbedza."

Ndinafunsa kuti makatoni anali angati. Anati asanu ndi limodzi, anayi a mabuku, awiri a penti ya mnzake wophunzitsa zojambula. Pamenepo anamuitana mkati. Ine ndinapereka makalata anga kwa kalaliki n'kutuluka osatsanzika aliyense, chinthu chimene sindinachitepo.

Nditafika ku sukulu ndinalowa m'sitolo, ndinatembenuza katoni imodzi kuti mbali yolembedwa iyang'ane kukhomo kumene kumalowa kuwala. Ndinaika chala pa dzinalo monga ndimachitira sabata yanga yoyamba ya ntchito. K, A, M, W, A, L, A. Kenako N. Kenako J. Kenako E. Ndinatembenuza yachiwiri ndi yachitatu, chimodzimodzi. Kamwalanje ndi Kamwalazi zimasiyana chilembo chimodzi kutalika kwake, ndipo pa katoni analemba ndi cholembera chachikulu mothinana. Sindikunena izi kuti ndidzikhululukire. Dzina linalembedwa bwinobwino. Amene sanaliwerenge ndine.

M'mawa mwake ndinapita kwa a Mbewe n'kutseka chitseko. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Choyamba tsitsani mawu, aphunzitsi ali kuseriku." Ndinayesa kutsitsa.

"Amene akudziwa ndani?"

"Ine ndi inu."

"Ndiye zikhale choncho. Tamvani, a Saidi. Penti ija yatha. Katoni imodzi ya mabuku ili padenga apo, yasanduka nsomba. Mukakanena, adzafunsa kuti analola ndani kung'amba mabuku a boma. Ndine. Anang'amba ndani? Chikoti, mwana amene wangoyamba ntchito. Anasainira katundu wa eni ndani? Inu. Mwatsala ndi chaka chimodzi. Mukufuna mupume ndi kalata yoti simudziwa kuwerenga?"

Mawu otsirizawo anawasankha bwino, chifukwa amandidziwa. Ndinati, "Nanga ana a ku Bua aja?"

"Boma lidzawatumizira ena. Limataya zinthu zazikulu kuposa izi."

"Lidzatumiza liti? Kalasi akuitseka teremu ino. Ndipo mlonda wa kumeneko akumuyesa wakuba."

"Mlondayo ndi m'bale wanu?"

Ndinati ayi. Anati ndiye ndipite ndikaimbe belu, nthawi yakwana.

Ndinakhala nayo nkhaniyi masiku asanu. Mayi anu ndinawauza tsiku lachitatu, ali kusenda chinangwa. Sanasiye kusenda. Anati, "Inu mumakalipira ana akabwera ndi pensulo ya mnzawo. Koma chaka chimodzi n'chimodzi, ndipo a Mbewe akhala akutithandiza. Muona nokha." Sanandiuze chochita, ndipo sindinawafunsenso. Chimene chimandivuta sichinali chilango. Ndimadziwa kuti munthu sachotsedwa ntchito pa zotere. Chimandivuta chinali choti pa boma ponse pamene ndinayenda zaka zonsezo ndikunena kuti Saidi sasocheretsa kalata, anthu adzadziwa mmene Saidiyo amawerengera. Ndinaganizanso zokasiya makatoniwo pakhomo la sukulu ya ku Bua mwakachetechete. Koma pamenepo mlonda uja akanaoneka ngati wabweza zimene anaba.

Lolemba ndinamanga katoni imodzi pa kaliyala. Ndinalowa m'chipinda cha aphunzitsi, ndinakwera pa mpando n'kumasula chambo chija. A Chikoti anati, "Mdala, mukupita nacho kuti?" Ndinati ku boma, ndipo dzina lawo ndikalitchula pokhapokha akandifunsa. A Mbewe anaima pakhonde, manja m'thumba. Sanandiletse. Ndinalemba m'buku la sitolo kuti katoni imodzi ndi nsomba imodzi zatuluka, ndinadzisainira ndekha.

Bwana wa ku ofesi nthawi imeneyo anali wamng'ono kwa ine ndi zaka zambiri. Ndinaika katoni pansi, nsomba patebulo.

"Ichi n'chiyani, a Saidi?"

"Bwana, tulutsani pepala la mabuku a ku Kamwalanje."

Analitulutsa. Ndinaloza mbedza ija. "Iyi ndi yanga. Katunduyu ndinalandira ndine ku Kamwalazi. Ndinawerenga dzina theka. Mabuku makatoni atatu alipo, onse bwinobwino. Penti inagwira ntchito kwathu. Katoni yachinayi ndi iyi." Ndinaloza nsomba.

Anainyamula, anaiyandikiza kumaso, ndipo ndinaona milomo yake ikuyesa kuwerenga pa mamba. Makalaliki anali atasiya ntchito, ena ataima pakhomo, chifukwa mawu anga mukuwadziwa inu. Bwanayo anafuna kuseka koma anadzigwira. Anafunsa amene analola kung'amba, ndinanena zoona. Anafunsa ngati wina wandikakamiza kubwera, ndinati ayi. Anati, "Mukudziwa kuti ndiyenera kukulemberani kalata?" Ndinati ndikudziwa, koma ayambe walembera hedi wa ku Kamwalanje kuti mlonda wake alibe mlandu ndipo kalasi isatsekedwe. Analemba ndili pomwepo. Kenako anati galimoto yokatenga mabuku ilipo koma mafuta palibe, mwina mwezi wamawa. Ndinati mwezi wamawa sukulu ikhala itatseka, ndipereka ndekha. Katoni ija ndinabwerera nayo ku sitolo.

Kalata yanga inabwera patapita masabata awiri. A Mbewe analandiranso yawo. A Chikoti anangowachenjeza pakamwa. Kuchokera tsiku limenelo mpaka ndinapuma ntchito chaka chotsatira, a Mbewe amalankhula nane za belu ndi makiyi basi. Sindiwaimba mlandu kwambiri. Pa boma anyamata a kabaza anandipatsa dzina loti Kamwala-theka, ndipo ena amandiitana choncho mpaka pano. Ndimayankha. Penti ya ku Kamwalanje sanaibwezere nthawi yonse imene ndinali pa ntchito, ndipo imene inayenera kubwera kwathu, ngati inalipo, sindinaione.

Kuchokera ku Chia kufika ku Bua pa njinga yolemedwa ndi ulendo wa tsiku, kwa munthu wa zaka zanga. Ndinapita katatu, katoni imodzi ulendo uliwonse. Maulendo awiri oyamba ndinapita Loweruka, ndimasiya kwa mlonda uja. Anali mkulu wowonda, wa ndevu zoyera. Ndinamuuza kuti ndine ndinamuvutitsa. Anangoti, "Chabwino, bwanawe," nandipatsa madzi akumwa. Ulendo wachitatu ndinapempha tsiku la pakati pa sabata kuti ndikapereke m'manja mwa mwini wake. Ndinapeza Madamu Mhango ali m'kalasi. Anatuluka, anamasula katoni pakhonde pomwepo, anafufuza mpaka pansi.

"Adada, buku la mphunzitsi lili kuti? Lalikulu, lachikuto chobiriwira. M'makatoni awiri aja mulibe."

"Ngati muno mulibe, Madamu, ndiye linali m'katoni imene inang'ambidwa."

Anatulutsa dzanja m'katoni. Kenako anandiyang'ana bwinobwino. "Ndinu amene tinakhala limodzi pa benchi paja."

"Ndine."

"Ndikukuuzani za mbedza, inu mukudziwa?"

"Ndinayamba kudziwa pomwepo. Ndinatsimikiza nditafika ku sitolo."

"Ana awa ataya materemu awiri. Asanu ndi awiri anasiya, makolo anawaletsa. Sindinena kuti palibe kanthu."

"Musanene, Madamu. Kanthu kalipo."

Anagwedeza mutu. Anaitana atsikana awiri kuti anyamule mabukuwo, nalowa nawo. Ndinamva akuti akhale awiriawiri buku limodzi, asalembemo, asapinde masamba. Ine ndinatsala panja ndikukulunga malamba a pa kaliyala. Ndisanamalize, anayamba kuwerenga mokweza, iye patsogolo, ana pambuyo, mzere umodzi kubwereza katatu. Sindinamvepo liwu ngakhale limodzi. Ndinaima mpaka anafika pansi pa tsamba, pakuti ndinamva masamba onse akutembenuzidwa nthawi imodzi, kenako ndinakwera njinga.

Kalasi ija sanaitseke.